Ulusi wa Kangaude Wopanda Kangaude

Mu 2009, nyumba yoonetsera zachilengedwe ya American Museum of Natural History ku New York inaika poyera nsalu ya mtundu wa golide, yotalika mamita 3.4 ndi mamita 1.2 m'lifupi. Nsaluyo sinanyikidwe mu utoto uliwonse. Mtundu wakewo unali wachibadwa. Inalukidwa ku Madagascar ndi ulusi wa akangaude aakazi oposa miliyoni imodzi. Kwa zaka zinayi, anthu oposa 70 ankalawirira kukagwira akangaudewo m'dera la Antananarivo, ena n'kumawakoka ulusi pa timakina topukusa ndi manja, kenako n'kuwabwezera kutchire ali amoyo. Ntchitoyi ankaitsogolera ndi Simon Peers wa ku Britain ndi Nicholas Godley wa ku America, ndipo mu 2012 anaonetsanso mkanjo wa ulusi womwewu ku Victoria and Albert Museum ku London.

Nsalu imeneyi inatsimikizira zinthu ziwiri: kuti ulusi wa kangaude ungalukidwe n'kukhala chovala, ndiponso kuti palibe fakitale imene ingadalire kangaude weniweni. Chachiwirichi chinadziwika kalekale. Cha m'ma 1710, François Xavier Bon wa ku Montpellier ku France anapanga masokosi ndi magolovesi a ulusi wa kangaude, ndipo bungwe la asayansi la ku Paris linatuma René-Antoine de Réaumur kuti aone ngati zimenezi zingasanduke malonda. Réaumur anapeza chimene aliyense woyesa pambuyo pake wakhala akupeza: akangaude ukawaika pamodzi amadyana. Mbozi za silika zimakhala zikwizikwi pathandala limodzi zikudya masamba a mabulosi, ndipo iliyonse imakulunga ulusi wake wonse m'chikwa chimodzi chosavuta kutola. Kangaude amafuna malo akeake, amafuna tizilombo tamoyo, ndipo ulusi amaupereka pang'onopang'ono.

N'chifukwa chake kwa zaka zoposa 30 tsopano asayansi akhala akufunafuna njira yopangira ulusiwu popanda mwini wake. Makampani amene alowa m'ntchitoyi amalonjeza zazikulu: ulusi wolimba, wopepuka, wosachokera ku mafuta okumba pansi, wotha kuwola ukatha ntchito. Ine lonjezoli ndimalikonda, ndipo ndikufuna litakwaniritsidwa. Koma chinthu sichikhala chosamala chilengedwe chifukwa chakuti nzeru yake inachokera kwa kachilombo ka m'tchire. Chimakhala chotero tikawerengera shuga, magetsi, madzi ndi mankhwala amene alowa pa kilogalamu iliyonse, n'kuyerekeza ndi chinthu chimene chikulowedwa m'malo.

Tiyambe ndi chimene chimawakopa anthu. Akangaude oluka maukonde ozungulira amapanga mitundu ya ulusi yofika isanu ndi iwiri, uliwonse ndi ntchito yake: womata wogwirira ntchentche, wokulungira mazira, womangira nyama yogwidwa. Umene asayansi amaulakalaka kwambiri ndi umene kangaude amalendewera nawo akamatsika kudenga, womwenso amaimikira mizati ya ukonde wake. Pa kulemera kofanana, ulusiwu umaposa chitsulo kulimba. Komabe kulimba kokha si kumene kumautchukitsa. Kevlar, ulusi wa zovala zoteteza ku zipolopolo umene Stephanie Kwolek anatulukira ku kampani ya DuPont mu 1965, umapirira kukokedwa kuposa wa kangaude, koma ukangotamuka pang'ono umaduka. Wa kangaude umatamuka mpaka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a utali wake usanaduke, choncho umameza mphamvu yambiri ya chinthu chouwomba. Mu 2010 asayansi anafotokoza za kangaude wa ku Madagascar wotchedwa Caerostris darwini, amene amawolotsa ulusi wake pamwamba pa mitsinje mpaka mamita 25. Pa kumeza mphamvu kumeneku, ulusi wake unapezeka kuti umaposa Kevlar kakhumi.

Chodabwitsa kwambiri kwa ine ndi mmene ulusiwo umapangidwira. M'mimba mwa kangaude ulusi sukhala ulusi ayi. Umakhala madzi a phalaphala osungidwa m'kathumba, ndipo pakati pa 30 ndi 50 peresenti ya madziwo ndi puloteni yokhayokha. Puloteni yochuluka chotere ikanayenera kuundana yokha, koma siundana mpaka nthawi yake itakwana. Kangaude akafuna ulusi, madziwo amadutsa m'kanjira kopyapyala kopindikapindika. Akamayenda m'menemo asidi amawonjezeka pang'onopang'ono, mchere wina umachoka wina n'kulowa, madzi amayamwidwa, ndipo kangaude amakoka ndi miyendo kapena ndi kulemera kwa thupi lake. Kukokako n'kumene kumafoletsa mapuloteni pamzere. Puloteni imamangidwa ndi timagawo ting'onoting'ono monga alanine ndi glycine. Zigawo za puloteni zokhala ndi alanine wambiri zimapanikizana n'kukhala timibulu tolimba. Zokhala ndi glycine wambiri zimatsala zofewa, zotha kutamuka. Kulimba kumachokera ku timibuluto, kutamuka kumachokera ku zofewazo. Zonsezi zimachitika m'kanthawi kochepa zedi, m'madzi wamba, pa kutentha kwa tsiku limenelo. Poliyesitala amachita kumusungunula pa kutentha kopitirira madigiri 250 kuti atuluke ulusi. Kevlar amamusungunula mu sulphuric acid wamphamvu. Kangaude safuna ng'anjo kapena mankhwala oopsa, ndipo akangaude ambiri amadya ukonde wawo wakale kuti puloteniyo aigwiritsenso ntchito.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Ubwino wa kangaude pa chilengedwe suli m'puloteni yokha. Uli kwambiri m'kapotedwe kake. Anthu aphunzira kupanga puloteniyo. Kapotedweko ndi kamene kakuwavutabe.

Mu 1990, Randy Lewis ndi mnzake ku University of Wyoming anafalitsa kafukufuku woyamba wosonyeza malangizo a mu DNA opangira puloteni ya ulusiwu. Malangizowo atadziwika, chinatsala n'kupeza chamoyo china choti chiziwatsatira. Kampani ya ku Canada ya Nexia Biotechnologies inasankha mbuzi. Inaika malangizowo m'mbuzi kuti puloteni izituluka mumkaka, ndipo ulusi wake inaupatsa dzina lakuti BioSteel. Puloteni inkatulukadi, koma kuilekanitsa ndi mkaka n'kuipota kukhala ulusi wolimba kunali kovuta ndi kodula, moti kampaniyo inagwa mu 2009. Ena anayesa fodya, mbatata ndi nyemba. Ambiri masiku ano amagwiritsa ntchito mabakiteriya a E. coli kapena yisiti. Ntchito yake ndi yofanana ndi kufulula mowa: m'thanki yaikulu amathiramo madzi, shuga ndi zakudya zina, tizamoyoto n'kumadya ndi kuswana, kungoti chimene akudikira pamapeto si mowa koma puloteni. Amaisefa, kuiumitsa kukhala ufa, kuisungunulanso, n'kuikankha m'timabowo ting'onoting'ono kuti ituluke ulusi.

Mabakiteriya savomera ntchitoyi mosavuta. Puloteni ya kangaude ndi yaitali kwambiri, ndipo imabwereza zigawo zomwezomwezo kambirimbiri. Bakiteriya amasokonezeka ndi malangizo obwerezabwereza otere, amadula ena, ndiponso glycine ndi alanine zimamuthera msanga. N'chifukwa chake ambiri amapanga puloteni yaifupi, ndipo puloteni yaifupi kawirikawiri imatulutsa ulusi wofooka. Mu 2010 gulu la Sang Yup Lee ku KAIST ku South Korea linasintha mabakiteriya mpaka anapanga puloteni yotalika ngati ya kangaude, ndipo mu 2018 gulu la Fuzhong Zhang ku Washington University ku St. Louis linalumikiza mapuloteni awiri n'kupeza ulusi wofanana mphamvu ndi weniweni. Zimenezi zinasonyeza kuti n'zotheka. Koma zinali zochepa, za mu labotale.

Tsopano timve mbali ya amene akuti ntchitoyi ndi yoyenera ndalama zimene yadya. Mfundo yawo yaikulu ndi kuipa kwa zimene tili nazo kale. Malinga ndi bungwe la Textile Exchange, mu 2023 dziko lonse linapanga matani 124 miliyoni a ulusi wa mitundu yonse, ndipo 57 peresenti yake, matani pafupifupi 71 miliyoni, anali poliyesitala. Poliyesitala ndi pulasitiki wochokera ku mafuta okumba pansi. Sawola. Chovala chake chikamachapidwa chimathothoka tiziulusi tosaoneka ndi maso, ndipo lipoti la bungwe la IUCN la mu 2017 linawerengera kuti pa tizidutswa ta pulasitiki tolowa m'nyanja zamchere tili kale tating'ono, 35 peresenti timachokera ku kuchapa zovala zoterezi. Nkhaniyi sitiimva ngati yakutali. Zovala zambiri za kaunjika zimene timasankha pamsika wa Tsoka ku Lilongwe kapena ku Limbe zili ndi poliyesitala, ndipo zikachapidwa pamtsinje kapena m'mbali mwa nyanja, tiziulusito timapita ndi madzi kumene kuli nsomba. Zikang'ambika zimakathera kudzala kapena pamoto. Ulusi wa puloteni, ukakhala wosasakaniza ndi pulasitiki, tizilombo ta m'nthaka ndi m'madzi timatha kuudya. Phindu limeneli ndi lenileni, ndipo sitiyenera kulichepetsa.

Ulusi wachilengedwe umene tili nawo ulinso ndi mavuto ake. Thonje limafuna madzi ambiri kumene amalithirira, ndi mankhwala ambiri ophera mbozi. Silika wamba amamupeza pophika zikwa mbozi zili momwemo. Ubweya wofewa wa cashmere wachititsa kuti mbuzi zichuluke kwambiri ku Mongolia, ndipo msipu m'madera ambiri kumeneko ukuguga. Thanki ya mabakiteriya sidya msipu, ndiponso situlutsa mpweya wa methane umene nkhosa ndi mbuzi zimageya.

Palinso mfundo ina imene ndimaiona kuti ndi yamphamvu kuposa zonsezi. Puloteni imatheka kuikonza. Munthu akasintha malangizo a mu DNA, amasintha khalidwe la ulusi: wofewa, wouma gwa, wotamuka kwambiri, wotenga utoto msanga. Mu 2022 gulu lotsogozedwa ndi Kazuharu Arakawa wa ku Keio University ku Japan linafalitsa malangizo a ulusi wa mitundu ya akangaude yoposa 1,000, pamodzi ndi miyezo ya mphamvu ya ulusi wa ambiri mwa iwo. Opanga ulusi ali ndi nkhokwe yaikulu yosankhamo, ndipo angoiyamba kumene. Thupi la munthu nalo limalandira bwino puloteni ya ulusiwu. Madokotala a ku Hannover ku Germany anagwiritsa ntchito ulusi weniweni wa kangaude kulumikiza mtsempha wa nkhosa umene unaduka n'kusiya mpata wa masentimita 6, ndipo mtsemphawo unaphukira motsatira ulusiwo. Kampani ya AMSilk, imene inakhazikitsidwa ku Germany mu 2008 kuchokera pa kafukufuku wa Thomas Scheibel, yagwiritsa ntchito puloteni yake kukutira zipangizo zoikidwa m'thupi kuti thupi lisazikane.

Zonsezi n'zoona. Koma mbali inayo nayo ili ndi umboni wake, ndipo umboniwo ukuchokera kwa makampani omwewo.

Kampani ya Spiber, ya mumzinda wa Tsuruoka ku Japan, inayamba mu 2007. Mu 2015, pamodzi ndi Goldwin, kampani yogulitsa zovala za The North Face ku Japan, inaonetsa jekete yotchedwa Moon Parka n'kulonjeza kuti igulitsidwa posachedwa. Zinatenga zaka zinayi. Vuto linali lakuti ulusi wa kangaude ukanyowa umakwinyika, nthawi zina mpaka theka la utali wake. Kwa kangaude khalidweli lili ndi ntchito, poti limakungitsa ukonde mame akagwa. Kwa jekete yovala pamvula ndi tsoka. Spiber inachita kulembanso puloteni yake mwatsopano, kuchotsa zigawo zochititsa kukwinyikako. Jeketeyo inatuluka mu December 2019, zidutswa 50 zokha, chilichonse pa mtengo wa ma yen 150,000. Ndipo kampaniyo inasiya kuutchula ulusi wake kuti wa kangaude. Tsopano imautcha Brewed Protein. Ndimailemekeza Spiber chifukwa cha chilungamo chimenechi. Koma chikutiuza kuti ulusi umene wafika pamsika si uja woposa chitsulo ndi Kevlar. Ndi ulusi wofewa wofanana ndi ubweya kapena silika, ndipo m'zovala zambiri amausakaniza ndi thonje, ubweya kapena nailoni. Ukasakanizidwa ndi nailoni, lonjezo la kuwola lija limakhudza gawo chabe la chovalacho.

Ku California, kampani ya Bolt Threads inayamba mu 2009 ndipo inkagwiritsa ntchito yisiti. Mu 2017 inagulitsa mataye 50 pa madola 314 iliyonse, n'kusoketsa diresi pamodzi ndi Stella McCartney. Ulusi wake wa Microsilk sunafike pogulitsidwa wambiri. Kampaniyo inatembenukira ku chikopa chopangidwa kuchokera ku mizu ya bowa, n'kuimikanso ntchito imeneyo mu 2023, ndipo puloteni yake ya silika inayamba kuigulitsa kwa opanga mafuta odzola ndi a m'tsitsi. AMSilk ndi Adidas anaonetsa nsapato ya ulusi woterewu mu 2016, koma sinadzaze mashelefu. Spiber nayo, ngakhale inatsegula fakitale ku Rayong ku Thailand, pofika mu 2025 inali pa mavuto aakulu a ngongole.

Kugwa kwa makampani pakokha sikutsutsa luso. Ambiri oyamba njira yatsopano amagwa. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi manambala. Mu 2018 Alan Edlund ndi anzake, mmodzi mwa iwo ali Randy Lewis yemwe uja, anafalitsa kafukufuku wowerengera mtengo ndi utsi wa puloteni ya kangaude yopangidwa ndi E. coli. Anapeza kuti pa luso la nthawi imeneyo, kilogalamu imodzi ikanagulitsidwa madola 761 ndipo ikanatulutsa makilogalamu 572 a mpweya wotenthetsa dziko. Zonse zitakonzedwa bwino lomwe, mtengo ukanatsika kufika pa madola 23, ndipo mpweyawo pa makilogalamu 55. Poliyesitala amagulitsidwa pa madola osakwana awiri pa kilogalamu, ndipo mpweya wake pa kilogalamu sufika makilogalamu 10. Ndiye kuti ngakhale m'chiwerengero chawo chabwino kwambiri, asayansi okonda ulusiwu anapeza kuti ukanatenthetsa dziko kuposa pulasitiki amene ukufuna kumuchotsa. Luso lapita patsogolo kuchokera nthawi imeneyo, ndipo makampani ena akukolola puloteni yambiri pa lita kuposa mmene kafukufukuyu anaganizira. Komabe n'zochititsa chidwi kuti Spiber itafalitsa kuwerengera kwake kwa mmene ulusi wake umakhudzira chilengedwe, inauyerekeza ndi cashmere ndi ubweya wa nkhosa za merino. Pamenepo unapambana. Koma ubweya ndi kagawo kakang'ono ka ulusi wa padziko, ndipo vuto la pulasitiki silili kumeneko.

Utsi wochuluka chotere umachokera kuti? Thanki ya mabakiteriya imafuna kuitenthetsa ndi nthunzi kuti tizilombo tina tife, kuivundula usana ndi usiku, kuipopera mpweya, ndi kuiziziritsa chifukwa tizamoyo tikamaswana timatentha. Kenako pamafunika kuswa mabakiteriyawo, kutsuka puloteni ndi kuiumitsa. Zonsezi ndi magetsi, ndipo magetsiwo akachokera ku malasha kapena gasi, utsi umangosamuka malo. Popota ulusi, ofufuza ambiri akhala akusungunula puloteni mu mankhwala monga hexafluoroisopropanol, amene ndi apoizoni ndiponso odula, kapena mu formic acid, n'kuumitsira ulusiwo mu methanol. Njira imeneyi ili kutali ndi madzi wamba a m'mimba mwa kangaude.

Ndiyeno pali shuga. Mabakiteriya sasandutsa shuga yense kukhala puloteni. Wambiri amamuwotcha kuti akhale ndi moyo ndi kumanga matupi awo. Kilogalamu imodzi ya puloteni imadya makilogalamu angapo a shuga. Fakitale ya ku Rayong imadalira nzimbe za ku Thailand. Aliyense amene anadutsapo m'minda ya nzimbe ya ku Nchalo kapena ku Dwangwa akudziwa kukula kwa malo ndi kuchuluka kwa madzi othirira amene shuga amafuna. Pa matani ochepa zimenezi si vuto. Koma titati tichotse ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi a poliyesitala, pangafunike matani mamiliyoni makumimakumi a shuga chaka chilichonse, ndipo minda yake singakhale ku Tokyo kapena ku Munich. Ingakhale m'mayiko otentha, m'zigwa zachonde zomwe anthu amalimamo chakudya. Makampani akudziwa zimenezi, ndipo akuyesa kutenga shuga ku zinyalala za nzimbe, mapesi ndi zovala zakale za thonje. Njira imeneyo ndi yabwino, koma shuga wotere ndi wodula kuposa wa nzimbe, ndipo ulusiwu mtengo wake ndi wobowola kale m'thumba.

Kukula kwa ntchito nako kumafunika kukuyang'ana ndi maso awiri. Fakitale ya ku Rayong inamangidwa kuti izipanga matani mazana angapo pachaka. Tinene kuti yapanga matani 500: mafakitale a poliyesitala padziko amatulutsa zochuluka chomwecho m'mphindi zosakwana zisanu. Okhulupirira lusoli amayankha kuti mathanki a tizamoyo amatha kukula, ndipo akunena zoona. Lysine wothira m'zakudya za nkhuku ndi monosodium glutamate wokometsera ndiwo amapangidwa ndi mabakiteriya matani mamiliyoni pachaka, pa mtengo wotsika. Koma zimenezo ndi tinthu ting'onoting'ono timene bakiteriya amatulutsira yekha m'madzi. Puloteni yopangidwa ndi E. coli, monga insulini imene inayamba kugulitsidwa mu 1982, yakhala ikupindula chifukwa imagulitsidwa pa magalamu, osati pa matani. Ulusi wa kangaude ukufuna kukhala wovuta kupanga ngati insulini koma wotsika mtengo ngati lysine, ndipo mpaka pano palibe amene wagwirizanitsa ziwirizi.

Pali funso lina limene otsatsa malonda sakonda kulitchula: malangizo a DNA amenewa ndi a yani? Kangaude wa ulusi wopambana onse ndi wa ku Madagascar. Kangaude wina amene wathandiza kwambiri kafukufuku wa ulusiwu ku Sweden, Euprosthenops australis, ndi wa kum'mwera kwa Africa kuno. Malangizo akangowerengedwa n'kuikidwa pa intaneti, kampani iliyonse ingawagwiritse ntchito osapondako m'dziko limene kangaudeyo amakhala. Pangano la Nagoya la mu 2010 linati phindu lochokera ku zamoyo lizigawidwa ndi mayiko eniake, koma silinayankhe bwino za malangizo osungidwa pa kompyuta. Mu 2024, pamsonkhano wa ku Cali ku Colombia, mayiko anagwirizana zokhazikitsa thumba limene makampani aakulu opindula ndi malangizo otere ayenera kuponyamo 1 peresenti ya phindu lawo kapena 0.1 peresenti ya ndalama zonse zimene apeza. Palibe chowakakamiza. Kwa ine, chinthu chotchedwa chosamala chilengedwe chiyenera kusamalanso nkhalango ndi mitsinje imene nzeru yake inachokera, pamodzi ndi anthu amene akuisunga.

Ndikaika mbali ziwirizi pa sikelo, ndimapeza kuti onse akulondola, koma pa mafunso osiyana. Amene akuti ulusiwu uchotsa poliyesitala m'zaka zochepa zikubwerazi alibe manambala owaikira kumbuyo. Amene akuti ntchito yonseyi ndi kutaya ndalama akulakwitsanso, chifukwa akuyeza ndi muyezo wa matani pomwe phindu loyamba lili pa magalamu. Pokutira chipangizo choikidwa m'thupi, posoka bala, potsogolera mtsempha woduka kuti uphukire, magalamu ochepa amakwanira, mtengo wa madola mazana pa kilogalamu sulemera, ndipo shuga wofunika ndi wochepa. M'mafuta odzola, puloteniyi ingalowe m'malo mwa silicone ndi tizidutswa ta pulasitiki timene timakathera m'madzi munthu akangosamba; mu 2019 kampani ya Givaudan inagula nthambi ya AMSilk yochita zimenezi. Pa zovala zodula, kulowa m'malo mwa cashmere kungapumitse msipu wa ku Mongolia. Izi si zazing'ono, ngakhale zili zosiyana ndi zimene zinalonjezedwa poyamba. Chimene sindivomereza ndi kugulitsa juzi yokhala ndi kachigawo kochepa ka puloteni yofulula, yosakaniza ndi nailoni, wogula n'kumaganiza kuti wathandiza kuthetsa vuto la pulasitiki. Wogula ayenera kuuzidwa kuchuluka kwa puloteniyo m'chovalacho, kumene shuga wake analimidwa, ndi gwero la magetsi a fakitaleyo.

Za ulusi wolimba uja, wa zingwe, wa ndege ndi wa zovala zoteteza ku zipolopolo, chiyembekezo changa chili pa njira ziwiri zimene zikulimbana ndi kapotedwe m'malo mongochulukitsa puloteni. Yoyamba ndi ya Anna Rising ndi Jan Johansson ku Sweden. Iwo anafufuza mmene asidi amasinthira m'kanjira ka ulusi ka kangaude, n'kupanga puloteni yaifupi yosungunuka kwambiri m'madzi. Mu 2017 anaonetsa kuti akaikankha kudzera m'kapaipi ka galasi kulowa m'madzi a asidi wofooka, imasanduka ulusi popanda mankhwala apoizoni, ndipo lita imodzi ya mabakiteriya inkapereka ulusi wotalika kilomita. Ulusiwo sunafike pa mphamvu ya weniweni, koma kapangidwe kake ndi kamene kayandikira kwambiri ukhondo wa kangaude, ndipo m'zaka zotsatira anachulukitsa zokolola zawo kufika pa magalamu oposa khumi pa lita.

Yachiwiri ndi kubwereka mpoti amene alipo kale, mbozi ya silika. Kampani ya Kraig Biocraft Laboratories ya ku Michigan, mothandizana ndi University of Notre Dame, inapanga mbozi zopota ulusi wosakaniza wa mbozi ndi wa kangaude, ndipo ikuziweta ku Vietnam. Mu September 2023, Junpeng Mi ndi anzake a ku Donghua University ku China anafalitsa kuti pogwiritsa ntchito luso losinthira DNA la CRISPR, apanga mbozi zopota puloteni yathunthu ya kangaude, ndipo ulusi wake unameza mphamvu kuposa Kevlar kasanu ndi kamodzi. Njirayi sifuna thanki, shuga kapena mankhwala osungunulira. Imafuna masamba a mabulosi ndi manja a alimi, moti ndalama zake zingafike kumudzi. Ili ndi malire ake. Silika yense wa padziko safika ngakhale 1 peresenti ya ulusi umene timagwiritsa ntchito, zikwa zimaphikidwabe mbozi zili mkati, ndipo mayiko ayenera kukhala ndi malamulo oyang'anira mbozi zosinthidwa chibadwa, ngakhale kuti mbozi ya silika yowetedwa siuluka ndipo sikhalitsa kutchire. Pakufunikanso kuona ngati mphamvu imeneyo ikhalabe yomweyo mbozi zikaswana mibadwo yambiri m'makola a alimi, kutali ndi labotale imene zinabadwira.